Tikupita kumudzi nthawi yachisanu: kodi boila tiizimitse?

Funso

Ndimakhala ku Leeds ndi banja langa m'nyumba yalendi. Chaka chino tikupita ku Malawi kukadya Khirisimasi; tinyamuka pa 12 Disembala ndipo tidzabwerako pa 16 Januwale. Bambo akunyumba akuti tizimitse boila (makina a gasi otenthetsera nyumba ndi madzi) ndi magetsi onse, chifukwa n'kuwononga ndalama kutenthetsa nyumba yopanda munthu. Mnzanga wina akuti tikatero mapaipi adzaphulika. Boila yathu ndi ya combi, yopanda thanki yosungira madzi otentha, ili kukhitchini, ndipo gasi timagula pa khadi, magetsi pa kiyi. Tilinso ndi aircon yamatayala imene tinagula chilimwe chapitachi. Tichite chiyani?

Yankho

Mayi, mnzanuyo wakuuzani zoona, ngakhale kuti nkhawa ya bambowo si yopanda pake, poti aliyense wokhala ku Britain akudziwa mmene gasi amadyera ndalama pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Langizo langa ndi lakuti boila musaizimitse koma muitsitse, ndipo chimene muyenera kutseka ndi madzi olowa m'nyumba. Anthu ambiri amachita zosemphana ndi zimenezi: amazimitsa boila n'kusiya madzi otsegula, ndipo palibe njira yoopsa yosiyira nyumba m'nyengo yachisanu kuposa imeneyo.

Ife amene tinakulira ku Malawi chisanu timachidziwa ndithu, cha ku Dedza kapena cha ku Mzuzu mwezi wa Juni, koma sitinazolowere kuganiza kuti madzi angaundane m'kati mwa paipi ya m'nyumba. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Pamene paipi yazizira kwambiri pamapangika chotsekera cha madzi oundana, ndipo chotsekeracho chikamakula chimakankha madzi amene atsala pakati pa icho ndi mpopi wotseka. Madziwo alibe kothawira, choncho paipi imang'ambika kapena cholumikizira chimasolotoka, nthawi zina patali ndithu ndi pamene paundanapo. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku limenelo sipadontha kanthu, chifukwa madzi oundanawo atseka njira. Vuto limaonekera kukayamba kufunda. Apo madzi ochokera mu paipi yaikulu ya mumsewu amayamba kutuluka pong'ambikapo ndi mphamvu yawo yonse, usana ndi usiku, mpaka munthu atabwera kudzatseka. Izi n'zimene zinachitika m'madera ambiri a Britain mu Disembala 2022: kunazizira kwa masiku oposa khumi, ku Braemar m'dziko la Scotland kunafika madigiri 17 pansi pa ziro, kenaka kunafunda mwadzidzidzi Khirisimasi ili pafupi, ndipo mapaipi anaphulika m'nyumba ndi m'misewu momwe.

Januwale wina ndinaitanidwa kunyumba ina imene eni ake anali atachokapo milungu inayi. Amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino anali neba, ataona khoma la chipinda chake chochezera likunyowa. Titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi phokoso ngati la mvula, m'kati mwa nyumba. Siling'i ya kuchipinda chapamwamba inali itagwera pabedi, madzi akutsika m'masitepe, kapeti ikuphwaphwata pansi pa nsapato, ndipo m'galasi la nyali ya pabalaza munali mutadzaza madzi ngati m'kapu. Nditakwera m'denga ndinapeza kuti chayambitsa zonsezi ndi mng'alu wosatalika ngati chala changa chaching'ono pa paipi yamkuwa. Boila inalibe vuto lililonse. Anangoizimitsa pakhoma tsiku limene ankanyamuka. Banja limenelo silinagonemo m'nyumbamo kwa miyezi ingapo, podikira kuti makoma aume.

Popeza nyumba yanu ndi yalendi, musaganize kuti zikatero udzakhala mutu wa eni nyumba okha. Malamulo a ku England amayembekezera kuti wochita lendi azisamala nyumba monga munthu wanzeru angachitire, ndipo pa mlandu wa Warren v Keen wa mu 1953, woweruza Lord Denning anapereka chitsanzo chomwechi, chakuti wochita lendi akamachoka m'nyengo yachisanu ayenera kutseka madzi ndi kukhuthula boila. Maboila a masiku amenewo anali osiyana ndi anu, koma mfundo yake idakalipo, ndipo eni nyumba angathe kukulipiritsani zimene zawonongeka chifukwa cha kusasamala. Werenganinso pangano lanu la lendi, chifukwa mapangano ambiri amafuna kuti muwadziwitse eni nyumba mukamachoka kwa milungu ingapo. Chifukwa chake ndi inshulansi: makampani ambiri amachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 otsatizana, ena 60. Ulendo wanu ndi wa masiku 35. Alembereni eni nyumba kapena ejenti wawo uthenga umene mungausunge, ndipo ngati muli ndi inshulansi ya katundu wanu, imbirani kampaniyo mufunse zimene imafuna.

Tsopano za kutentha kumene muyenera kusiya. Ine ndimalangiza madigiri 12 pa thermostat ya m'nyumba, kachipangizo kolamula boila kuti iyake kapena izime malinga ndi kutentha kwa m'nyumbamo, ndipo ngati inshulansi kapena eni nyumba atchula nambala yokwererapo, tsatirani yawoyo. Mwina bambo afunsa kuti madigiri 12 ndi achiyani pamene madzi amaundana pa ziro. Yankho ndi lakuti thermostat imayeza mpweya wa pamene yapachikidwa, kawirikawiri m'khonde lam'kati kapena pabalaza, pamene mapaipi amadutsa m'malo ozizira kwambiri kuposa amenewo: m'denga, pansi pa matabwa a pansi, kuseri kwa makabati oyandikana ndi khoma lakunja. Pabalaza pakakhala madigiri 5, m'denga mungathe kukhala pansi pa ziro. N'chifukwa chake sindikhulupirira kwenikweni chitetezo cha chisanu chimene chili m'kati mwa maboila ambiri, chimene chimayatsa moto madzi a m'boilamo akatsika kufika pafupifupi madigiri 5. Chimenechi chinapangidwa kuti chiteteze boilayo, ndipo boila yanu ili kukhitchini kofunda. Singadziwe zimene zikuchitikira paipi ya kubafa lam'mwamba.

Za ndalama, auzeni bambo izi. Nyumba imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa m'kati ndi kunja. Kunja kukakhala madigiri 5 ndipo inu mukufuna 20 m'nyumba, kusiyanako ndi 15. Mukatsitsa kufika 12, kusiyanako ndi 7, osakwana theka. Onjezaniponso kuti simukhala mukusamba, kuphika kapena kutsegulatsegula zitseko. Gasi adzapita ndithu, koma wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mwezi wamba wa Disembala, ndipo masiku ofunda boilayo mwina sidzayaka n'komwe.

Pali kanthu kamene anthu amalakwitsa kawirikawiri apa. Amatsitsa thermostat koma n'kusiya chowerengera nthawi mmene chinalili, chakuti boila iziyaka ola la 6 m'mawa ndi la 5 madzulo basi. Chisanu choopsa chimabwera pakati pa usiku ndi m'bandakucha, nthawi imene chowerengeracho chaletsa boila kuyaka. Chiikeni pakuti kutenthetsa kukhale kololedwa nthawi zonse, kuti thermostat yokha ndiyo izilamula. Zida zambiri zamakono zili ndi dongosolo la tchuthi limene limachita zomwezi, koma onani nambala imene laikapo, chifukwa zina zimabwera zitaikidwa pa madigiri otsika kwambiri. Yendaninso m'zipinda zonse muone zopotokola za pa marediyeta, zitsulo za pakhoma zimene mumadutsa madzi otentha ofunditsa zipinda. Pasakhale ina imene ili pa ziro. Chizindikiro cha kanyenyezi kachisanu chimatsegula rediyeta pokhapokha chipinda chikatsika kufika pafupifupi madigiri 7. Ine ndimakonda kuzisiya pa 2, ndipo rediyeta ya m'chipinda mmene muli thermostat ikhale yotsegula yonse. Zitseko za m'kati zisiyeni zotsegula, pamodzi ndi zitseko za kabati ya pansi pa sinki, kuti mpweya wofunda uziwafika mapaipi. Ngati m'denga mwanu mumadutsa mapaipi, tsegulani pang'ono kachitseko kolowera m'dengamo. Zofunda zimene amayala pamwamba pa siling'i zimasunga kutentha m'zipinda, koma pa chifukwa chomwecho zimachititsa kuti m'denga muzizizira kwambiri.

Kutseka madzi ndiye chitetezo chanu chachiwiri, ndipo ndi chimene chimagwira ntchito ngakhale china chilichonse chitalephera. Chotsekera chachikulu, chimene kuno amati stopcock, kawirikawiri chimakhala pansi pa sinki ya kukhitchini, ngakhale kuti m'nyumba zakale za ku Leeds mungachipeze m'chipinda chapansi pa nyumba kapena pansi pa masitepe. Chimatsekeka mukachipotokola monga mmene mivi ya wotchi imayendera. Chiyeseni sabata ino, osati m'mawa wa tsiku la ulendo taxi ili panja, chifukwa chotsekera chimene chakhala zaka chosakhudzidwa chimalimba. Chikakana musachikakamize ndi sipanala. Auzeni eni nyumba atumize pulambala. Mukatseka, tsegulani mipopi yonse, yam'mwamba ndi yapansi, mpaka madzi atasiya kutuluka, gujumulani toileti, kenaka tsekani mipopiyo. Ngati kuseri kwa nyumba kuli mpopi wapanja, umenewo usiyeni wotsegula ukakhuthuka, ndipo chotsanipo paipi yothirira maluwa.

Musade nkhawa kuti boila idzasowa madzi. Mu boila ya combi, madzi amene amazungulira m'marediyeta ali m'njira yawoyawo yotsekeka, ndipo sadalira madzi a mumsewu tsiku ndi tsiku. Mungathe kutseka stopcock marediyeta n'kumatenthabe. Owerenga ena amene ali ndi dongosolo lakale, la thanki yaing'ono m'denga ndi thanki yamadzi otentha m'kabati, afunse kaye katswiri asanatseke, chifukwa dongosolo limenelo limadzazidwa kuchokera m'thanki ya m'dengayo.

Zonse zimene ndafotokozazi zaima pa chinthu chimodzi, chakuti boila ikhale ikugwira ntchito kwa masiku 35 popanda woiyang'anira. Choncho tiyeni tione zimene zingaizimitse, ndipo kwa inu choyamba ndi mita. Mita ya khadi ndi kiyi imafanana ndi ya mayunitsi a magetsi imene tinazolowera kwathu, koma pali kusiyana kumodzi kumene kumapweteka anthu: kuno imadula ndalama yoikika tsiku lililonse, kaya mwagwiritsa ntchito gasi kaya ayi, ndipo ngati muli ndi ngongole ku kampani, imadulanso gawo la ngongoleyo. Ndalama zikatha gasi amatsekeka. Kumbukiraninso kuti boila ya gasi imafuna magetsi oyendetsera pampu, fani ndi choyatsira moto, kotero mita ya magetsi ikatha ndiye kuti boila yazimanso, ngakhale gasi atadzaza. Apa ndi pamene maganizo a bambo ozimitsa magetsi onse pa bokosi lalikulu akugwera. Zulani mapulagi a TV, ketulo, makina ochapira ndi zina zotero chimodzichimodzi, koma swichi ya boila musaikhudze, ndipo sikulakwa kumatapo kapepala kochenjeza.

Muike ndalama zingati? Ine ndimati ikani zimene mukanagwiritsa ntchito mukanakhala kuti mulipo milungu isanu yonseyo. Zidzatsalako zambiri, ndipo sizitayika. Mudzazipeza pa mita mu Januwale, mwezi umene matumba amakhala atauma ndi ulendo. Musadalire ngongole yadzidzidzi ya pa mita, chifukwa ndi yochepa ndipo pa mita zambiri zakale pamafunika munthu woidina. Khadi ndi kiyi musapite nazo ku Malawi. Zisiyeni m'manja mwa amene akuyang'anireni nyumba, popeza mita yotere singadzazidwe munthu ali kutali. Amene ali ndi mita yamakono yogulira pa foni ali ndi mwayi, koma nawonso ayese kaye ngati pulogalamuyo ndi khadi lawo la kubanki zidzalola kulipira ali kunja kwa dziko.

Chachiwiri ndi presha. Kutsogolo kapena pansi pa boila pali kawotchi kapena nambala yosonyeza presha ya madzi a m'marediyeta. Marediyeta akazizira iyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar, ndipo ikatsika kwambiri, cha m'ma 0.5, maboila ambiri amadzitseka okha. Kajambuleni pa foni lero, mudzakajambulenso pakatha sabata. Ngati muvi sunasunthe, palibe nkhawa. Ngati watsika, kapena ngati mwazolowera kuwonjezera madzi mwezi ndi mwezi, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo boila yotero singapirire masiku 35. Eni nyumba akonze musananyamuke. Ngati mukufuna kutulutsa mpweya m'marediyeta, chitani zimenezo poyamba, chifukwa zimatsitsa presha, kenaka wonjezerani madzi, ndipo pomaliza penipeni ndiye mutseke stopcock, popeza madzi owonjezerawo amachokera ku paipi ya mumsewu. Thermostat yanu ikakhala yopanda waya, ikanimo mabatire atsopano ngakhale akale akuoneka kuti akadali ndi moto.

Chachitatu ndi kapaipi kapulasitiki koyera kamene kamachoka pansi pa boila. Kuyambira mu 2005, maboila a gasi oikidwa ku England amayenera kukhala a mtundu umene umatenganso kutentha kwa mu utsi, ndipo potero umatulutsa timadzi tochepa timene timadontha kudzera m'kapaipi kameneka. M'nyumba zambiri kamatulukira kunja n'kutsika pakhoma mpaka m'ngalande. Kukazizira kwambiri timadzito timaundana, kapaipiko kamatsekeka, boila imayamba kulira ngati ikuchukucha m'kamwa, kenaka imadzitseka. Chakumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018, pamene mphepo yozizira inachokera kum'mawa, vuto limeneli linazimitsa maboila m'nyumba zambiri m'dziko muno, ndipo linabwera pa masiku amene anthu ankafuna kwambiri kutentha. Tulukani mukakaone. Ngati kali pamtunda popanda chofunda, pemphani eni nyumba akakute ndi chofunda cha mapaipi chosalowa madzi. Kakaundana, mankhwala ake ndi kuthira madzi ofunda, osati owira, pa gawo lakunjalo, kenaka n'kudina batani loyambitsanso boila.

Pa zokonza m'kati mwa boila, lamulo limafuna kuti eni nyumba azitumiza katswiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register kudzayendera zida za gasi chaka chilichonse, ndipo inu muyenera kukhala ndi pepala lake. Ngati tsiku loyendera likugwera nthawi imene muli ku Malawi, pemphani kuti abwere pasadakhale, makamaka kukatsala milungu iwiri kuti munyamuke, kuti muone boila ikugwira ntchito kwa masiku angapo pambuyo pake. Inu kapena bambo musatsegule chivundikiro cha boila, ngakhale mutaonera kanema pa intaneti.

Mwaona kuti mavuto onsewa amatheka kukonzedwa m'mphindi zochepa, malinga pakhale munthu. Pezani mnzanu wodalirika kapena neba, mumupatse kiyi wa nyumba, ndipo azibwera kamodzi pa sabata komanso m'mawa uliwonse wotsatira usiku wozizira kwambiri. Asamangosuzumira pakhomo n'kutola makalata. Akhudze rediyeta, aone nambala ya pa boila, aone ndalama zotsala pa mita zonse ziwiri, akwere m'mwamba ayang'ane siling'i. Mutengereni m'nyumbamo musanachoke, mumuonetse stopcock ndi batani loyambitsanso boila, ndipo mulembe papepala nambala ya eni nyumba ndi ya ngozi za gasi, 0800 111 999, imene ayenera kuimba ali panja ngati wamva fungo la gasi. Ma thermostat olumikizidwa ku intaneti, monga Hive kapena Nest, ndi othandiza chifukwa mungathe kuona kutentha kwa nyumba yanu muli ku Lilongwe, malinga ngati simunazule WiFi. Koma foni idzangokuuzani kuti nyumba ikuzizira. Singathire madzi ofunda pa kapaipi kaja. Chimene sindilola n'komwe ndi kusiya hita yamagetsi yoyaka m'nyumba yopanda munthu m'malo mwa boila, chifukwa pamenepo mwasinthanitsa ngozi ya madzi ndi ya moto.

Kutentha kwa madigiri 12 kumathandizanso pa chinyezi. Nyumba yozizira yotsekedwa ndiyo imachita chuku m'makona, kuseri kwa mawadilobu ndi pa nsapato zachikopa. Musasiye zovala zonyowa pa marediyeta, timipata ta mpweya ta pamwamba pa mawindo tisiyeni totsegula, ndipo sunthani pang'ono sofa ndi mabedi kuti zisagunde khoma lakunja.

Aircon yanu ndi nkhani yaifupi. Ngati simunaikhuthule chilimwe chitatha, tsegulani kachivindikiro kapansi kumbuyo kwake, madzi atulukire m'beseni. Tsukani sefa yake, iume, kenaka yatsani makinawo pa fani yokha kwa maola angapo kuti m'kati muume, apo ayi mu Julayi idzakulandirani ndi fungo la chuku. Izuleni pakhoma n'kuisunga choimika. Chofunika kwambiri ndi kuchotsa chipaipi chake chotulutsira mpweya pawindo ndi kutseka windolo bwinobwino, chifukwa ndaonapo nyumba zimene boila ikulimbana ndi chisanu cholowera pa mpata umene unaiwalika kuyambira mu Ogasiti. Kwa owerenga amene nyumba zawo zimatenthetsedwa ndi heat pump, makina amagetsi okoka kutentha kuchokera panja, magetsi ake asazimitsidwe konse, popeza mitundu yambiri ili ndi madzi m'makina a panja ndipo imadziteteza ku chisanu powazungulitsa. Abale a ku Johannesburg amene nawonso amapita kumudzi mu Disembala, kwawoko n'chilimwe, choncho iwo azimitse giza ndi aircon pa bokosi la magetsi poopa mphezi ndi kubwerera kwa magetsi mwamphamvu, koma madzi atsekenso chimodzimodzi.

Tsiku lobwerera, musanamasule zikwama, yendani m'nyumba monse mukuyang'ana siling'i ndi pansi pa masinki. Tsegulani mpopi wa kukhitchini, kenaka tsegulani stopcock pang'onopang'ono. Mpopi udzatsokomola mpweya kwa kanthawi, zimenezo n'zabwinobwino. Madzi akayamba kuyenda bwino tsekani mipopi yonse, kuphatikizapo wapanja uja, dikirani thanki ya toileti idzaze, ndiye muime chete mumvetsere. Mukamva madzi akuyendabe, tsekaninso stopcock n'kuitana pulambala. Ngati mpopi wina sukutulutsa kanthu, ndiye kuti paipi yake yaundana: tsekani stopcock, kwezani kutentha kwa nyumba, ndipo isungunutseni pang'onopang'ono ndi botolo la madzi ofunda kapena choumitsira tsitsi, kuyambira cha kumpopi, osagwiritsa ntchito moto wa mtundu uliwonse. Zonse zikakhala bwino, lolani mipopi ndi shawa zithamangitse madzi kwa mphindi zingapo musanamwe kapena kusamba. Kachilombo ka Legionella, kamene kamayambitsa chibayo choopsa, kamaswana m'madzi odikha a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndipo kamalowa m'thupi munthu akapuma timadontho ta m'shawa, choncho ikani mutu wa shawa pansi m'bafa, tsegulani windo, muutsegulire madzi otentha kwambiri n'kutulukamo kaye. Pamenepo kwezani thermostat kufika pamene munazolowera, ndipo musadabwe ngati makoma atatenga tsiku lathunthu kapena awiri kuti afunde. Pa usiku woyambawo ana agone ndi bulangete lowonjezera.